Miyezi isanu ndili pa mgaiwa ndi masamba, koma sikelo ili pomwepo

Mayi wa ku Chibavi:
Mwaswera bwanji nonse. Ndakhala ndikungowerenga pagulu pano osalankhula, koma lero ndati ndiulule chomwe chikundisowetsa mtendere. Ndili ndi zaka 38, ana atatu, wamng'ono ali ndi zaka zinayi. Mu Januwale ndinapita kuchipatala chifukwa cha mutu wosatha. Atandiyeza anapeza BP yakwera, sikelo inawerenga makilo 86. Adokotala anandiuza mosabisa kuti ndichepetse thupi. Kuyambira tsiku limenelo ndinasintha zonse. Ufa woyera ndinasiya, ndimadya mgaiwa. Buledi ndimagula wabulawuni. Shuga ndinasiya, mu tiyi ndimathira uchi. Tchipisi cha pachiwaya, mandasi, Fanta, Sobo, zonsezi sindilawanso. Masamba sasowa pa mbale yanga. Dzulo ndakwera sikelo m'tauni muno mu Mzuzu, yawerenga 85.5. Miyezi isanu yathunthu, theka la kilo basi. Ndatsika pa sikelopo misozi ili m'maso, mpaka mtsikana woyeza uja kundifunsa ngati ndili bwino. Abale, ndikulakwitsa pati? Kapena thupi langa ndi lotere basi ndingovomereza?

Asisi a ku Masasa:
Pepani amayi, musataye mtima. Yesani madzi ofunda ofinyiramo mandimu m'mawa musanadye kanthu. Anzanga ambiri amati amasungunula mafuta a pamimba.

Wamalonda wa m'tauni:
Amayi, ine ndili ndi tiyi wochepetsa thupi wochokera kunja, masabata awiri okha muona kusintha. Ndipezeni ku inbox tikambirane mtengo.

Admin:
Achimwene, malonda pano ayi, tinagwirizana kale. Mayiwa abwera ndi nkhawa, ali ndi BP, tiyeni tiwathandize moona mtima.

Anesi a ku Katawa:
Zikomo a Admin. Ine ndinagwira ntchito ya unesi zaka zambiri ndisanapume, ndiye ndiloleni ndinenepo za tiyiyo isanapitirire nkhani. Ma tiyi ambiri otere amakhala ndi mankhwala otsegula m'mimba kapena okodzetsa. Munthu amataya madzi, sikelo n'kutsika, iye n'kumasangalala, koma mafuta ali pomwepo, ndipo akangomwa madzi bwinobwino makilo aja amabwerera. Kwa munthu wa BP n'zoopsa ndithu chifukwa zimasokoneza mchere wa m'magazi. Za mandimu, achemwali a ku Masasa, kumwa sikulakwa, koma mandimu sasungunula mafuta a m'thupi.

Tsono mayi a ku Chibavi, musandiuze zomwe munasiya. Ndiuzeni zomwe mwadya dzulo kuyambira podzuka mpaka pogona, osasiyako kanthu, ngakhale zomwe munalawa pophika. Mundiuzenso msinkhu wanu, ntchito yomwe mumagwira, komanso ngati pali mankhwala omwe mukumwa kapena njira yakulera yomwe muli nayo. Ngati zina simufuna kunena pagulu, zisiyeni.

Mayi wa ku Chibavi:
Zikomo anesi. Msinkhu anandiyeza 1.60 m. Ndimagwira ntchito ya zowerengera ndalama pa shopu ina, ndimakhala pampando kuyambira 8 koloko mpaka 5 koloko. Kupita ndimakwera njinga yamoto, pobwerera chimodzimodzi chifukwa ndimathamangira kukaphika.

Dzulo m'mawa ndinamwa tiyi wa mkaka makapu awiri, kapu iliyonse masupuni awiri a uchi, buledi wabulawuni masilayisi anayi ndi peyala limodzi. Cha m'ma 10 koloko ndinadya mtedza wokazinga, ndimasunga kabotolo mu dirowa kuti ndisalakelake mandasi. Masana ndinatenga kunyumba mpunga wa Kilombero ndi nyemba ndi mpiru, ndinamweranso juwisi wa m'paketi uja amalemba kuti alibe shuga wowonjezera. Madzulo mtedza pang'ono ndi nthochi ziwiri. Usiku nsima ya mgaiwa mitanda itatu, usipa wokazinga, nkhwani wotendera. Ndisanagone kapu ya thobwa lopanda shuga wambiri. Mwana wamng'onoyu anasiya theka la mtanda, ndinamaliza kuti zisatayike. Mankhwala a BP anandipatsa aang'onoang'ono aja, ndipo ndili pa jakisoni wa miyezi itatu.

Aphunzitsi a ku Katoto:
Mayi, ndawerenga mndandanda wanu kawiri. Palibe chakudya choipa ngakhale chimodzi mmenemo. Magulu onse asanu ndi limodzi omwe timaphunzitsa ana kusukulu alimo: zokhutitsa, zanyemba, zochokera ku nyama, zamasamba, zipatso ndi zamafuta. Mukudya bwino kuposa ambiri a ife. Koma chakudya chopatsa thanzi ndi chakudya chochepetsa thupi si chinthu chimodzi, ndipo ndikuona kuti apa ndi pomwe pagona nkhani yanu. Thupi limachepa pokhapokha mphamvu yomwe ikulowa ikhale yocheperapo kuyerekeza ndi yomwe mukugwiritsa ntchito. Mphamvu imeneyi timaiwerenga m'makalori. Mzimayi yemwe amakhala pampando tsiku lonse amafunika makalori pakati pa 1,800 ndi 2,000 patsiku.

Tiyeni tiyambe ndi uchi. Supuni yaikulu imodzi ya uchi ili ndi makalori pafupifupi 60. Inu mukuthira zinayi patsiku, ndiye kuti 240. Kasupuni kakang'ono ka shuga kali ndi 16 okha. Ngati kale munkathira timasupuni titatu pa kapu, makapu awiri ankakupatsani osafika 100. Ndiye kuti posiya shuga n'kuyamba uchi mwawonjezera, simunachepetse. Thupi silisiyanitsa kwenikweni, uchi nawonso ndi shuga.

Mtedza ndiye ukundidetsa nkhawa kwambiri. Magalamu 100 a mtedza ali ndi makalori pafupifupi 570, chifukwa pafupifupi theka la mtedza ndi mafuta. Magalamu 100 si ambiri, ndi kudzaza dzanja katatu kapena kanayi. Munthu akugwira ntchito pa kompyuta dzanja likungolowa mu dirowa, kabotolo kamatha iye osazindikira. Kenako usiku nsinjiro mu nkhwani, mtedza womwewo. Peyala nalo, makamaka akuluakulu a kuno aja, limodzi likhoza kupitirira makalori 300.

Mgaiwa ndi wabwino kuposa ufa woyera chifukwa gaga ndi mtima wa chimanga zimakhalamo, munthu umachedwa kumva njala ndipo m'mimba mumayenda bwino. Koma pa makalori, magalamu 100 a mgaiwa ndi magalamu 100 a ufa woyera ndi pafupifupi chimodzimodzi, cha m'ma 360. Mitanda itatu ya mgaiwa ndi mitanda itatu basi. Kaya buledi wabulawuni kapena woyera, nkhani yake ndi yomweyo.

Mayi wa ku Chibavi:
Aphunzitsi, mwandikhudza. Mtedza umenewu ndimadzaza kabotolo Lolemba, pofika Lachitatu katha. Ine ndimayesa ndikuchita bwino poti ndapewa mandasi. Nanga juwisi uja? Amalemba kuti ndi wa zipatso zenizeni.

Aphunzitsi a ku Katoto:
Tembenuzani paketiyo muwerenge kumbuyo pomwe alemba za shuga pa 100 ml. Juwisi wa zipatso zenizeni amakhala ndi shuga wongotsala pang'ono kufanana ndi wa zakumwa za m'botolo. Coca-Cola ali ndi magalamu pafupifupi 10.6 pa 100 ml, ndiye botolo la 300 ml muli timasupuni ta shuga pafupifupi 8. Juwisi wa malalanje ali ndi 8 kapena 9 pa 100 ml, wa maapozi kapena mphesa amaposa pamenepo. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limawerengera uchi ndi juwisi m'gulu limodzi ndi shuga wothira, ndipo limati ndi bwino kwambiri munthu wamkulu asapitirire timasupuni 6 patsiku. Idyani lalanje lenilenilo ndi zamkati zake, mudzakhuta ndi limodzi kapena awiri. Pofinya kapu imodzi pamapita malalanje atatu kapena anayi, ndipo mumamwa mphindi imodzi n'kukhalabe ndi njala.

Anesi a ku Katawa:
Aphunzitsi anena zoona, koma pali china chomwe sichioneka pa mbale. Mayi, chigubu cha mafuta ophikira mumagula chachikulu bwanji, chimatha masiku angati, ndipo pakhomo mulipo angati?

Mayi wa ku Chibavi:
Cha malita asanu. Tilipo asanu ndi mmodzi pamodzi ndi mtsikana wondithandiza ntchito. Ndafunsa mtsikanayu, akuti chimatha masabata atatu.

Anesi a ku Katawa:
Tiwerengere limodzi. Malita 5 pa masiku 21 ndi pafupifupi 240 ml patsiku. Kugawa anthu 6, aliyense 40 ml, kutanthauza masupuni aakulu pafupifupi atatu. Supuni imodzi ya mafuta ndi makalori 120. Ndiye inu mukumwa makalori opitirira 300 patsiku mumafuta okha, ndipo mwina kuposa, chifukwa mwana wa zaka zinayi sadya mofanana ndi inu. Galamu imodzi ya mafuta ili ndi makalori 9, pomwe ya ufa kapena shuga ili ndi 4. Kwathu kuno timathira mafuta kuchokera m'chigubu mwachindunji, kungopendeketsa mpaka pansi pa poto pabisike. Mpiru umene mukuti ndi masamba uja, ukafika pa mbale ukunyezimira, wasanduka chakudya china. Ikani supuni pafupi ndi mbaula, mtsikanayo muuzeni aziyeza. Poto wa ndiwo za banja lonse masupuni awiri akwana. Usipa mukhoza kuuphika ndi tomato ndi anyezi osaukazinga m'mafuta ambiri, umakoma ndithu. Mcherenso muuchepetse chifukwa cha BP, usapitirire kasupuni kakang'ono kamodzi patsiku, kuphatikiza wa m'ndiwo zonse.

Agogo a ku Chiputula:
Ana inu, ine ndikudabwa nazo. Mdzukulu wanga ndi amene akundilembera. Ife tinakula tikudya nsima yodzaza mbale, kondowole, chinangwa, mbatata, mtedza wa m'munda mwathu, koma za makalori sitinazimvepo ndipo sitinali onenepa. Komanso mzimayi wa ana atatu thupi limayenera kuoneka. Mukaonda anthu adzati bambo akunyumba sakukusamalani.

Bambo wa ku Luwinga:
Agogo, ndi ulemu wonse, mwanena zoona koma mwasiya mbali ina. Inu munkadzuka mbandakucha kupita kumunda ndi khasu, kubwerako kukatunga madzi, kukatola nkhuni, kusinja chimanga mu mtondo, kuyenda wapansi kupita kuchigayo thumba lili pamutu. Nsima ija inkapsa yonse m'thupi. Mafuta ophikira ankaoneka pa Khrisimasi. Ife lero tikudya mbale ya mlimi pomwe ntchito yathu ndi ya pampando. Mayiwa akuchoka pakhomo pa njinga yamoto, kukhala maola asanu ndi anayi, kubwerera pa njinga yamoto. Miyendo yawo ikugwira ntchito nthawi yanji?

Ine ndinafika makilo 104. Anzanga ankati mimba ya ubwana, ine n'kumamva bwino, kufikira tsiku lomwe ndinalephera kumanga zingwe za nsapato popanda kupuma kaye. Kuchipatala anapeza shuga wayamba kukwera. Changa chinali mowa ndi kanyenya Loweruka ndi Lamlungu. Sabata yonse ndinkadya mosamala monga mayiwa, koma masiku awiri aja ankafafaniza zonse. Ndinasiya mowa, ndinayamba kuyenda wapansi kuchoka ku Luwinga kufika m'tauni m'mawa uliwonse. Pano ndili pa 91 patatha chaka ndi miyezi iwiri. Sikuti zinayenda mofulumira, panali miyezi iwiri yomwe sikelo sinasunthe n'komwe.

Agogo a ku Chiputula:
Pamenepo mwanena zoona mwana wanga. Kuchigayo tinkayenda mtunda wautali. Koma mayiwa asadzizunze ndi njala.

Anesi a ku Katawa:
Ayi agogo, njala sitikufuna. Ndaona amayi ambiri akudumpha chakudya cha m'mawa ndi masana, usiku n'kudya ngati anthu awiri. Komanso munthu wakumwa mankhwala a BP kapena a shuga sayenera kumangosala kudya mwachisawawa.

Za mawu anu oti thupi lizioneka, tiyeni tione manambala a mayiwa. Timatenga makilo n'kugawa ndi msinkhu wochulukitsidwa ndi msinkhu womwewo. 1.6 kuchulukitsa 1.6 ndi 2.56, ndiye 86 kugawa ndi 2.56, yankho ndi 33.6. Kuyambira 25 timati thupi lapitirira, kuyambira 30 ndiye kunenepa komwe kumabweretsa matenda. Koma mayi musachite mantha kuti muyenera kutaya makilo 20. Munthu akangotsitsa 5 mpaka 10 pa 100 iliyonse ya kulemera kwake, BP ndi shuga zimayamba kale kusintha. Kwa inu ndi makilo pafupifupi 4 mpaka 9. Yang'anani pamenepo kaye. Theka la kilo pa sabata ndi liwiro labwino.

Mayi wa ku Mchengautuwa:
Ndakhala ndikulemba n'kufufuta, koma ndinene chifukwa mwina zithandiza wina. Ine ndili pa ma ARV zaka khumi ndi ziwiri. Mu 2019 pomwe anatisinthira mankhwala kupita ku aja ali ndi dolutegravir, thupi langa linayamba kukwera ngakhale kadyedwe sikanasinthe. Ndinadziimba mlandu nthawi yaitali. Nditafunsa kuchipatala anandiuza kuti mankhwalawa amanenepetsa anthu ena, makamaka azimayi. Sindinasiye ndipo sindidzasiya, chifukwa ndi amene akundisunga moyo ndipo kachirombo sikakuonekanso m'magazi. Ndinangophunzira kuti ine ndiyenera kusamala mbale kuposa mnzanga. Ndikunena izi kuti anthu asamangoti wonenepa aliyense ndi wadyera.

Chinanso chomwe sitinena. Kuno munthu ukayamba kuonda, anthu amayamba kunong'onezana. Amakuyang'ana kutchalitchi, wina n'kubwera kudzakufunsa mwachifundo ngati ukudwala. Ine ndikudziwa amayi omwe amaopa kuchepetsa thupi chifukwa cha zimenezi. Mayi a ku Chibavi konzekerani mawu amenewo, adzabwera.

Asisi a ku Masasa:
Amayi a ku Mchengautuwa, zikomo chifukwa cha kulimba mtima. Mulungu akudalitseni. Zonong'onezanazo ndi zoona, ine mlamu wanga atatsika thupi apongozi ake anachita kuyitanitsa ankhoswe kuti afunse ngati m'banja muli mavuto.

Mayi wa ku Chibavi:
Zikomo achemwali, mawu anu andilimbitsa. Anesi, nanga jakisoni wangayu? Ndikakumbukira bwino thupi linayamba kukwera kwambiri nditabereka mwana womalizayu, nthawi yomwe ndinayamba jakisoni.

Anesi a ku Katawa:
N'zotheka kuti akuthandizira. Jakisoni wa miyezi itatu, Depo uja, amawonjezera thupi mwa amayi ena, ena ayi, ndipo ena amati amawapatsa njala. Koma musangosiya nokha, mungatenge mimba yosakonzekera muli ndi BP yokwera. Pitani kwa a zakulera, muwauze za BP yanu ndi za thupi, akufotokozereni njira zina monga lupu yopanda mahomoni, musankhe nokha mutamva zonse. Awuzeni ndithu za BP, chifukwa pali njira zina, monga mapiritsi ena akulera, zomwe sizigwirizana ndi BP yokwera.

Pali zinanso zomwe zimachititsa thupi kukakamira. Chithokomiro cha pakhosi chikamagwira ntchito mofooka, munthu amatopa, amamva kuzizira kuposa anzake, khungu limauma, amadzimbidwa, thupi n'kumakwera. Pali vuto lina la mahomoni lotchedwa PCOS, lomwe limasokoneza msambo ndi kumeretsa ndevu kapena ziphuphu. Mankhwala ngati prednisolone akamwedwa nthawi yaitali amanenepetsanso. Ngati muli ndi zizindikiro zotere kapemphe kuyezedwa magazi. Koma ndinene mosapsatira, pa zomwe mwalemba zija, ine ndikuona kuti gawo lalikulu lili mu uchi, mtedza, mafuta, juwisi, thobwa la usiku ndi mpando. Yambani ndi zimenezo kwinaku mukufunsa za jakisoni.

Mumagona maola angati?

Mayi wa ku Chibavi:
Ndimagona cha m'ma 11 koloko ndikatha kuchapa mbale ndi kusita mayunifolomu, kudzuka 4:30. Zizindikiro zinazo ndilibe, kungotopa basi.

Anesi a ku Katawa:
Maola asanu ndi theka ndi ochepa, munthu wamkulu amafunika asanu ndi awiri kapena kuposa. Tulo tikachepa njala imakula tsiku lotsatira, ndipo mtima umalakalaka zotsekemera ndi zamafuta. Ana aakuluwo angathe kusita okha mayunifolomu. Bambo akunyumba nawo akhalepo pa nkhaniyi, BP yanu ndi nkhani ya banja lonse.

Mnyamata wa ku Zolozolo:
Ine ndikuona ngati mukuzungulira. Mayi ingosiyani nsima, mpunga, buledi, zonse. Muzidya mazira, nyama ndi masamba basi. Ine ndinatsika makilo 6 mwezi umodzi.

Aphunzitsi a ku Katoto:
Achimwene, njira imeneyo ena imawathandiza, sindikana. Koma makilo oyambirira omwe amatsika msanga munthu akasiya zokhutitsa, ambiri amakhala madzi. Funso langa ndi loti, mayi wa ana atatu yemwe amaphika poto mmodzi wa banja lonse, angakwanitse kugula nyama ndi mazira tsiku lililonse pa mitengo ya masiku ano? Ndipo adzakhala osadya nsima kwa zaka zingati? Chomwe munthu sangachipitirize chaka chamawa sichimuthandiza. Ine ndikanakonda mayiwa adye nsima yomweyo ndi ana awo, koma mtanda umodzi ndi theka m'malo mwa itatu, theka la mbale likhale masamba, mbali yotsalayo nyemba, usipa kapena dzira.

Mwana wa ku Nkhata Bay:
Nanga kondowole? Kwathu amati ndi wopepuka kuposa nsima ya chimanga. Ine ndimadya ameneyo ndi nsomba ya batala kapena usipa.

Aphunzitsi a ku Katoto:
Ufa wa chinangwa makalori ake sasiyana kwenikweni ndi wa chimanga, ndipo zomanga thupi muli zochepa kwambiri kuposa mu mgaiwa. Kondowole idyani poti ndi chakudya chathu, koma si mankhwala ochepetsa thupi. Chomwe chikukuthandizani inu ndi nsombazo. Chimodzimodzi mbalagha ya anzathu a ku Karonga, mbatata, mpunga wa Kilombero, zonsezi ndi gulu limodzi la zokhutitsa. Vuto limabwera tikaphatikiza ziwiri kapena zitatu tsiku limodzi, chilichonse mbale yodzaza.

Telala wa ku Zigwagwa:
Ine za makalori sindizidziwa, koma matupi a amayi a mu Mzuzu muno ndimawadziwa ndi tepi. Ndili ndi kope lomwe ndimalembamo miyeso ya makasitomala. Pali mayi wina amene anabwera akudandaula kuti miyezi itatu akuyenda m'mawa uliwonse koma sikelo sikusintha. Nditamuyeza kuti ndimusokere chovala cha chinkhoswe, m'chiuno anali atatsika masentimita asanu poyerekeza ndi zomwe ndinalemba chaka chatha. Ndinamuonetsa tsambalo, anakhala pa benchi kuyang'anitsitsa manambala aja osalankhula. Ndiye mayi a ku Chibavi, gulani tepi, ndi yotchipa. Yezani pamchombo m'mawa musanadye, mutaima bwinobwino osakoka mimba. Lembani. Masikelo a m'misewu aja ndiponso amasiyana, wina akupatsani 85 wina 87 tsiku lomwelo, ndipo mumakwera mutavala juzi ndi nsapato.

Anesi a ku Katawa:
Atelala anena chinthu chofunika kwambiri. Mafuta a pamimba ndi amene amayenderana ndi BP ndi shuga. Lamulo losavuta ndi loti m'chiuno musapitirire theka la msinkhu wanu. Inu a 160 cm, cholinga chikhale kuyandikira 80 cm. Sikelo muzikwera imodzimodzi, kamodzi pa sabata, nthawi yofanana. Thupi la mzimayi limasunga madzi masiku ena, kilo imodzi kukwera kapena kutsika pa tsiku si nkhani.

Bambo wa ku Luwinga:
Za kuyenda, a zaumoyo amati mphindi zosachepera 150 pa sabata, ndiye kuti 30 patsiku masiku asanu. Kuchoka ku Chibavi kufika m'tauni wapansi si patali. Ngati m'mawa mukuthamangira nthawi, kwerani njinga popita, pobwerera yendani. Ndalama ya njinga ija mugule nayo masamba pamsika. Kuyenda kwake kukhale kofulumira moti mukupuma mwamphamvu koma mukutha kulankhula. Ndikuchenjezeni chinthu chimodzi chomwe chinandichitikira: ndikayenda ndinkafika ndi njala n'kudzipatsa mphoto ya mandasi awiri ndi tiyi wa shuga, zomwe ndawotcha panjira n'kubwerera pomwepo. Kuyenda kumathandiza BP ndi mtima ngakhale sikelo isasunthe, koma makilo ambiri amatsikira kukhitchini.

Mayi wa ku Chibavi:
Abale, ndawerenga zonse mpaka usiku uno. Poyamba ndinamva kuwawa mumtima kuona kuti miyezi isanu ndakhala ndikudzinamiza ndi uchi ndi mtedza, koma pano ndapepukidwa chifukwa ndadziwa pogwira. Safunsa anadya phula. Ndakambirana ndi bambo akunyumba, avomera kuti anyamata awiriwa azisita okha ndi kutsuka mbale. Ndiyamba mawa: uchi kasupuni kamodzi kakang'ono, buledi masilayisi awiri, peyala kugawana ndi ana, mtedza dzanja limodzi lokha ndipo botolo lichoke mu dirowa, juwisi ndi thobwa la usiku ndasiya, mafuta poyeza ndi supuni. Zotsala za mwana ndizimusungira m'mbale yovundikira. Za jakisoni ndikafunsa pa tsiku langa mwezi wamawa. Ndidzabweranso kudzakuuzani.

Mayi wa ku Mchengautuwa:
Tikudikirani amayi. Masiku ena mudzalephera, pa ukwati kapena pa maliro mudzadya zomwe zilipo. Mawa lake ingopitirizani.

Mayi wa ku Chibavi:
Mwadzuka bwanji nonse. Papita masabata asanu ndi awiri chilembereni pano. Lero m'mawa sikelo yomwe ija yawerenga 82.8. M'chiuno ndinayamba ndi 101 cm, pano ndi 97. Chigubu cha mafuta chomwe chinkatha masabata atatu chafika sabata yachisanu chisanathe, ndipo palibe amene wadandaula za ndiwo kupatula masiku oyambirira. Sabata yoyamba inali yovuta, cha m'ma 10 koloko dzanja linkapita lokha ku dirowa, ndinayamba kutenga gwafa kapena nkhaka. Sabata yachinayi sikelo inakwera ndi theka la kilo, ndinatsala pang'ono kusiya, koma tepi inaonetsa kuti ndatsika sentimita imodzi ndiye ndinalimba. Atelala zikomo. Kwa a zakulera ndinapita, tinakambirana bwino, ndikuganizirabe za lupu. BP yatsikako pang'ono koma adokotala ati ndipitirize mankhwala, adzaonanso mwezi wa Seputembala. Ndipo amayi a ku Mchengautuwa munanena zoona, Lamlungu lapitali mayi wina wa mu kwaya anandikokera pambali kundifunsa ngati zonse zili bwino kunyumba. Ndinamuuza kuti ndikulimbana ndi BP, iye n'kundiuza kuti nayenso ali nayo.

Chomwe chikundivuta pano ndi kuyenda. Kuzizira kwa Julaye kuno mukukudziwa, ndi kamvula kowaza aka, pofika 5:30 madzulo kwayamba kale mdima ndipo ndekha ndimaopa njira ya kwathu. Sabata ino ndayenda kawiri kokha.

Anesi a ku Katawa:
Makilo pafupifupi atatu m'masabata asanu ndi awiri, ndi liwiro lomwe timafuna. Mankhwala musasiye mpaka adokotala anene okha. Masiku a mvula yendani nthawi ya nkhomaliro, ngakhale mphindi 15 mutatha kudya, zimawerengedwa.

Asisi a ku Masasa:
Amayi, inenso ndimaweruka 5 koloko ndipo ndimafuna woyenda naye. Loweruka m'mawa bwanji tiyambe limodzi? Mayi wa mu kwaya uja mubwere naye.

Bambo wa ku Luwinga:
Ine ndi akazi anga timazungulira cha ku Mzuzu Stadium Loweruka lililonse. Tikumane pa geti 6 koloko m'mawa, kukhala kutayera. Valani juzi ndi nsapato zafulati, mutenge botolo la madzi.

Telala wa ku Zigwagwa:
Ndibwera ndi tepi ndi kope langa, aliyense wofuna ndimuyeze tisanayambe.

Mayi wa ku Chibavi:
Ndidzafika. Mvula ikadzagwa ndidzatenga ambulera.